Zala Zitatu za Chitsulo

Ndine wamfupi, ndipo sindinapepesepo kwa munthu chifukwa cha zimenezo. Ku ofesi ya boma ku Longacres, kumene ndinkatayipa makalata, mapazi anga ankalendewera pa mpando mpaka ndinaika bokosi la mapepala pansi pa tebulo kuti ndizipondapo. Koma miyendo yomweyo ndiyo inkandichotsa ku Chelstone m'mawa uliwonse n'kundibweza madzulo. Ndinayamba kupalasa njinga chifukwa chotopa ndi mizere. Zaka zimenezo, chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi, munthu mu Lusaka ankaima pa mzere wa ufa, pa mzere wa sopo, pa mzere wa mafuta ophikira, ndiye n'kukaimanso pa mzere wa minibasi. Ine ndinaganiza zochotsako mzere umodzi pa moyo wanga.

Njingayo inali yampikisano, yachimuna, ya mahandulo opindikira pansi. Anandipezera ndi amuna anga kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Amuna angawo anali makaniko pa galaji ya boma, munthu wa ku Luapula, wamtali, wa mawu ochepa koma wa manja odziwa. Pa kuwotcherera zitsulo panalibe wowaposa pa galaji yonseyo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Amayi a ku msika atayamba kundinena kuti mkazi wa mwini sayenda atatang'adza pa njinga ya anyamata, iwo sanawamvere. Ankangondipopera matayala m'mawa n'kunditsegulira geti. Ndinkawakonda kwambiri, ndipo ndikunena zimenezi poyamba kuti zimene zikubwerazi musazimve molakwa.

Tsiku lina pa bolodi la ku ofesi panapachikidwa pepala la mpikisano wachilendo. Anauyambitsa ndi azungu ena ndi anzawo a kalabu ina ya cha ku Kabulonga, yomwe inali ndi dziwe losambiramo. Unali mpikisano wa patatu: kusambira, kenako kupalasa njinga, kenako kuthamanga, zonse motsatizana popanda kupuma. Anzanga otayipa anaseka kuti anthu okhuta amasowadi chochita. Ine sindinaseke. Kusambira ndinakuphunzirira pa damu la kwathu kum'mawa ndili mtsikana, njinga ndinkapalasa tsiku ndi tsiku, ndipo kuthamanga ndinkaona ngati palibe chophunzira. Ndinakalembetsa dzina sabata yomweyo.

Chaka choyamba chimenecho ndinachita manyazi amene sindinawaiwale. M'madzi ndinatuluka bwino. Pa njinga ndinalimbana nazo, ngakhale ndinafika pafupifupi womaliza. Koma nditatsika, miyendo inandikana. M'chiuno cha kutsogoloku munauma gwa, mawondo akuwotcha, msana osawongoka. Ndinayenda chowerama ngati nkhalamba yofuna singano pansi, ndinayesa kuthamanga pang'ono, kenako ndinangokhala pansi m'mphepete mwa ngalande ya cha ku Woodlands. Anadzanditola ndi vaneti yomwe inkasonkhanitsa zidebe za madzi, ndipo ndinabwerera nditakhala kumbuyo pakati pa zidebezo. Mayi wina wachifundo anandisisita phewa n'kundiuza kuti ndayesetsa. Mawu amenewo anandipweteka kuposa mawondo. Ndisanatsike m'vanetimo ndinali nditalumbira kale mumtima kuti chaka chamawa ndidzamaliza ndi mapazi anga.

Amuna anga nawonso zinawakhudza, ndipo anaganizira nkhaniyi monga makaniko. Pa njinga pali mikono iwiri yachitsulo imene imachokera pakati n'kukagwira mapedulo. Mukaponda pedulo, mkonowo ndiwo umazungulitsa tcheni. Iwo anayang'ana mikonoyo, anayang'ana miyendo yanga, n'kupeza yankho.

"Imwe, mvelani," anatero. "Bawuti ikakana kumasuka, nimachita chani? Nimaika paipi ku sipanala. Mukono ukatalika, mphamvu ibwela yeka. Manje imwe mendo yanu ni yaifupi, so tifunika kumupasani paipi."

Zinamveka zanzeru, ndipo ine ndinavomera. Loweruka lina anagulula makotapini, timisomali tomangira mikonoyo pa njinga, n'kutenga mikono yonse iwiri kupita nayo ku galaji. Anaidula chapafupi ndi pedulo, n'kulowetsapo kachitsulo ka zala ziwiri pa mkono uliwonse, kochokera ku chitsulo cholimba cha lole yakufa. Anawotcherera, anapala, anapaka utoto wasiliva. Munthu ukanayendetsa chala pamenepo sukanadziwa kuti panadulidwapo. Lamlungu anaitana anzawo awiri a ku galaji kuti adzaone, ndipo iwo anagwada pakhomo pathu kusirira ntchitoyo. Amuna anga ankangomwetulira, akunena kuti chaka chino azungu aona fumbi la mkazi wawo.

Lolemba lake ndisanafike n'komwe pa msewu waukulu ndinadziwa kuti zinthu zaipiraipira. Kuti phazi lifike pedulo ikakhala pansi, ndinayenera kutsitsa chishalo. Chishalo chitatsika, pedulo ikakwera pamwamba bondo linkabwera kudzandigunda pafupifupi pachifuwa. Mwendo uliwonse unkayenda ulendo wautali kwambiri, kupindika mpaka kutha, kutambasuka mpaka kutha. Poyambira penipeni mphamvu inalipodi, sindikana, njinga inkanyamuka mopepuka. Koma pofika ku Longacres ndinatsika ndikugwira khoma, ndipo masitepe a ku ofesi ndinakwera imodziimodzi.

Ndinakhala chete miyezi itatu. Ine wapakamwa ngati ine, amene ndinkayankha ngakhale atcheyamani a chipani akatiimitsa pa msika kufunsa makadi, ndinalephera kuuza amuna anga kuti mphatso yawo ikundilemaza. Madzulo aliwonse ankandifunsa mmene njinga ikuyendera, nkhope ili ngwee, ndipo ine ndinkati ikuyenda. Ndinkadzikwiyira ndekha chifukwa cha bodzalo.

Chimene chinanditsegula pakamwa ndi ngozi. Ndikukhota pa msika wa Chelstone madzulo ena, pedulo ya kumanzere inakhula pansi chifukwa cha kutalika kwa mkono, njinga inadumpha, ine n'kugwera pafupi ndi mulu wa tomato. Amayi aja amene ankandinena sanavutike n'kubisa chimwemwe chawo. Ndinafika kunyumba chigongono chikutuluka magazi, mtima ukuwira, ndipo ndinanena zonse ndisanatsamiritse n'komwe njinga pakhoma. Ndinati mikonoyo ndi yaitali, inali yaitali kale asanaiwonjezere, ndipo ndikufuna ifupikitsidwe kuposa mmene inabwerera.

Iwo anati miyendo sinazolowere chabe. Anati palibe makaniko pa dziko lapansi amene amafupikitsa sipanala kuti apeze mphamvu. Anayambanso kundifotokozera za paipi ija, pang'onopang'ono, ngati ndine wophunzira ntchito.

"Ine sindine bawuti, bashi mwana," ndinatero. Ndinkawaitana choncho monga amaitanirana kwawo. "Mendo ni yanga. Ndine nimvela kubaba."

Ndinawapempha kuti aidule okha, poti panalibe wina amene akanaichita bwino kuposa iwo. Anakana. Anzawo onse a ku galaji anali ataiona ntchitoyo, ndipo ena anali atayamba kale kunena zowonjezera mikono ya njinga zawo. Nditanena kuti ndikafuna mmisiri wina, nkhope yawo inasintha.

"Mukaipeleka kuli munthu winangu, nchito yanga idulike, ine iyo njinga sinizakaigwilako futi. Olo chubu iphulike pakati pa njila."

Amuna anga sankalumbira kawirikawiri, ndipo akanena chinthu sankabwerera. Ndinkadziwanso kuti mikono ina kunalibe koigula. M'masitolo a m'tauni mashelefu anali mbee, ndipo zipangizo za njinga zikapezeka zinkakhala za saizi imodzi, monga zinalili zinthu zambiri masiku amenewo. Mikono inali iwiri yomweyo. Ndikanaisiya, ndikanakhalanso pansi pa ngalande ya ku Woodlands. Ndikanaidula, ndikanataya manja amene ankandipopera matayala.

Mesenjala wa ku ofesi ndiye anandiuza za mkulu wina wa ku Kabwata, Msilamu wochokera ku Malawi, amene aliyense ankangomuitana kuti a fundi, kutanthauza mmisiri. Ankakonza njinga pansi pa kashedi ka malata kumbuyo kwa nyumba yawo, ndipo akazi awo ankasoka zovala pakhonde. Mkuluyu ankadziwika ndi kukonzera njinga anthu olumala. Munthu wa mwendo umodzi waufupi ankamupangira mkono wina wautali, wina waufupi, munthuyo n'kumapalasa ngati wina aliyense.

Ndinapita Loweruka m'mawa, ndipo sindinabise. Ndinawauza amuna anga kumene ndikupita, iwo n'kungopitiriza kumwa tiyi.

A fundi anali okalamba, oonda, ovala kachipewa koyera, ndipo ankayankhula Chichewa cha kwawo chosasakaniza. Anamvetsera nkhani yanga yonse osandidula. Za mpikisano wa patatu anali asanamvepo, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndikunenadi kuti munthu akatsika pa njinga amayambanso kuthamanga, palibe womuthamangitsa. Kenako anagwada pa njinga yanga, n'kuyendetsa chala chawo pa mkono uja nthawi yaitali. Anafunsa amene anawotcherera. Nditawauza, anagwedeza mutu n'kunena kuti munthu ameneyo ndi mmisiri weniweni, kungoti anayeza njinga osayeza mwini wake.

Mwendo wanga sanaukhudze. Anaitana akazi awo, amene ananditengera kuseri kwa katani ndi tepi yawo yosokera, n'kundiyeza kuchokera m'chiuno kufika pa bondo, ndi kuchokera pa bondo kufika pansi. Anatuluka n'kuwauza amuna awo manambalawo ngati akunena za siketi. A fundi anamva, koma anati tepi imangosonyeza poyambira, zotsalazo inena ndi miyendo yokha. Pa mulu wa zitsulo zakale anasolola mikono iwiri yadzimbiri ya njinga yakufa, n'kuboola mabowo atatu pa uliwonse. Bowo lakunja linali pa utali wa ku fakitale, lapakati linali chala chimodzi kulowa mkati, lachitatu zala ziwiri. Anandichenjeza kuti mikono imeneyo ndi yoyesera chabe, yadyeka kale, ndipo ingathyoke ndikaimirira pa chitunda.

Ndinkaganiza kuti tiyesa mabowo onse tsiku lomwelo. Anakana. Anati mwendo wotopa umanama, choncho bowo limodzi Loweruka limodzi. Ndinadandaula kuti mpikisano ukuyandikira, iwo osatekeseka. Anachotsa mikono ya amuna anga, anamanga yoyeserayo, anamangirira mapedulo pa bowo lakunja ndi mabawuti, anakweza chishalo, n'kundituma kuti ndikazungulire ku Woodlands ndibwere.

Nditabwera ndinayamba kufotokoza mmene ndamvera pa njinga, koma anakweza dzanja.

"Mayi, za pa njinga musandiuze. Mwati vuto lanu limayamba mukatsika. Tsikani, thamangani mpaka pa mpope uwo, mubwere ndikuoneni."

Mpope wa madziwo unali kumapeto kwa mzere wa nyumba. Ndinathamanga chowerama, m'chiuno muli gwa, chimodzimodzi chaka chatha. Ana ndi amayi otunga madzi anasiya zidebe kundiyang'ana. A fundi anamasula mikono yoyesera ija. Anabwezera mikono ya amuna anga pa njinga, n'kundiuza kuti ndidzabwere Loweruka linalo.

Loweruka lachiwiri analumpha bowo lapakati, n'kundiika pa lalifupi kwambiri. Miyendo inkazungulira mofulumira mopanda nzeru, ndipo pa kachitunda ka ku Woodlands ndinasowa pokankhira, mpweya n'kundithera. Koma nditatsika msana unawongoka wokha, ndipo ndinafika pa mpope ngati munthu. Ndinasangalala mpaka ndinati tidule pomwepo. A fundi anati ndabwera mochedwa kwambiri kuchokera ku Woodlands, tiyi wawo mpaka wazizira, ndipo munthu sapita ku mpikisano kukathamanga yekha anzake atapita kwawo.

Loweruka lachitatu linali la bowo lapakati. Sindidziwa mmene ndingafotokozere bwino, koma kwa nthawi yoyamba njinga ija inakhala yanga. Bondo linkakwera n'kuima pamene liyenera kuima. Chitunda ndinachikwera nditakhala pa chishalo. Nditafika pa kashedi ndinatsika osadikira kuuzidwa, ndinathamanga, ndinaupitirira mpope uja, ndinakakhota ku mapeto kwa msewu, ndipo pobwerera ndinapeza kuti ndikulira. Ndinkalira ndi chimwemwe, komanso ndi ukali, poganiza kuti chaka chonse ndinkadziyesa wofooka pamene vuto linali chala chimodzi cha chitsulo. Akazi a fundi anandipatsa madzi m'kapu.

A fundi anatenga mkono wa amuna anga, anauika pambali pa woyeserawo, n'kulemba ndi msomali pamene bowo latsopano liyenera kukhala. Linagwera pakati penipeni pa kachitsulo kamene amuna anga anawonjezera. Mkuluyo anaseka pang'ono, n'kunena kuti pa mkono wonsewo palibe malo olimba kuposa pamenepo.

Kenako anandifotokozera chovuta. Pedulo ya kumanzere imamangidwa mozungulira chakumanzere, ndipo iwo analibe chida chodulira mazinga otere. Njira inali imodzi, kulowetsa chitsulo cha pedulo m'bowo n'kuwotcherera kuti chikhale cha mpaka kalekale. Nsonga zotsala kunja, zala zitatu mbali iliyonse, zinayenera kudulidwa, apo ayi zikanapitiriza kukhula pansi. Zikatero panalibenso kubwerera. Anandifunsa ngati amuna anga akudziwa. Ndinati akudziwa, ndipo akana.

A fundi anaika msomali uja pansi. Kenako anati kuboola aboola, kuwotcherera awotcherera, poti imeneyo ndi ntchito yawo. Koma iwo sadula ntchito yabwino ya mmisiri mnzawo mwini wake asanavomere. Sanachitepo zimenezo chiyambire, ndipo sayambira pa ine.

Ndinapsa mtima. Amuna awiri, wina wa ku Luapula wina wa ku Malawi, osadziwana n'komwe, koma onse akutetezerana ulemu pamwamba pa mawondo anga. Ndinawafunsa ngati sowo yawo nayonso ili ndi lamulo loti mkazi asaigwire. Anandiyang'ana, anayang'ana akazi awo pakhonde, kenako anamanga mkonowo pa chopanira n'kundipatsa sowo ya zitsulo.

Chitsulo cha lole sichidulika msanga. Ndinacheka mpaka manja anatuluka matuza, sowo ikutsetsereka, ine n'kuyambiranso. Makina osokera pakhonde anasiya kulira. Nsonga yoyamba itagwa pansi ndinachita mantha, koma sindinaime. Yachiwiri ndinaidula mofulumirako. Podulapo panatsala mokhota ndi mwaminga, ndipo a fundi sanapakhudze, poti anati pamenepo ndi panga. Ndinapakhula pang'ono ndi mwala, n'kunena kuti basi. Kenako a fundi anaboola mabowo n'kuwotcherera mapedulo.

Kunyumba ndinapeza amuna anga atakhala pa tebulo. Ndinatulutsa nsonga ziwiri zija m'thumba n'kuziika patsogolo pawo.

"Nadula neka," ndinatero. "Musakabakwiyile ba fundi."

Anatenga imodzi, anaitembenuza, anayang'ana podulapo. Ndinkadikira mkuntho. Iwo anangoti, "Mwadula mokhota," n'kutuluka panja.

Masabata otsatirawo anali ozizira m'nyumba mwathu. Sitinakangane. Ankadya chimene ndaphika, ankandiyankha ndikawafunsa, geti ankanditsegulirabe. Koma pampu sanaigwirenso. Tsiku lina chubu chinaphulika, ndipo ndinakhala pabwalo ndi beseni la madzi kufunafuna bowo. Ndinamata katatu, katatu konse mpweya unatuluka. Iwo anakhala pa sitepe, manja atapanira pakati pa mawondo, kundiyang'ana. Ndinkaona kuti zala zawo zikuyabwa, ndipo iwo ankaona kuti ndatsala pang'ono kulira, koma palibe amene anagonja. Kachinayi chigamba chinagwira. Zinkandiwawa kwambiri, chifukwa ndinkawasowa munthu ali pomwepo. Koma m'mawa uliwonse ndinkafika ku Longacres n'kukwera masitepe awiriawiri, ndipo sindinadandaule ndi chimene ndinachita. Chokhacho, nsonga yokhota ija inkandikanda pa kakolo ka kumanzere, n'kung'amba masokosi anga onse. Ndinkabisa, kuopa kuwapatsa ponenera.

Tsiku la mpikisano amuna anga anandiuza kuti ali ndi ntchito ku galaji. Linali Lamlungu, ndipo tonse tinkadziwa kuti galaji ya boma sitsegula Lamlungu. Ndinanyamuka ndekha. Chinkandidetsa nkhawa n'chakuti njinga zinkasiyidwa pa kabwalo ka udzu m'mphepete mwa msewu, ndipo aliyense ankabwera ndi m'bale wake woilandira ndi kuiyang'anira iye akamathamanga. Masiku amenewo njinga yosiyidwa yokha sinkadikira mwini wake. Chaka chatha anandilandirira njingayo ndi amuna anga.

M'madzi ndinatuluka chapakati. Pa njinga amuna a miyendo yaitali anandipitirira mmodzimmodzi, ndipo mmodzi wa iwo, ataona mmene mapazi anga ankazungulirira, anandifunsa ngati ndikusoka diresi. Ndinangosunga nkhope yake. Ndinapalasa mwakachetechete, osalimbana ndi wina, kakolo kakuwawa, koma m'chiuno muli bwinobwino.

Nditakhotera pa kabwalo kaja ndinawaona amuna anga. Anaima poyera atavala ovololo yawo ya ku galaji, manja onse ali kumbuyo. Ndinatsika ndikuthamanga, n'kuwakankhira njingayo monga ndinachitira chaka chatha. Iwo anasuntha phazi limodzi chammbali. Njinga inagwa pa udzu, gudumu lakumbuyo likuzungulirabe.

Ndinalibe nthawi yowatukwana, choncho ukali wonsewo ndinapita nawo mumsewu. Ndinathamanga msana uli chilili. Ndisanafike patali ndinayamba kuwapeza aja anandipitirira, ena akuyenda atagwira m'chiuno, ena atatang'adza ngati atuluka kumene m'chipatala. Wa diresi uja ndinamupeza ataima pansi pa mtengo akukoka mwendo, ndipo ndinamupatsa moni mwaulemu wonse pomudutsa. Pa ngalande ya ku Woodlands ndinayang'ana malo amene ndinakhala chaka chatha, ndipo sindinachepetse liwiro. Vaneti ya zidebe inandipeza chakumapeto, woyendetsa n'kusuzumira pawindo, ine n'kumulozera ndi dzanja kuti apitirire.

Sindinapambane. Sindikumbuka kuti ndinali wachingati, ndipo tsikulo sindinafunse. Ndinadutsa pa chingwe ndi mapazi anga, ndinamwa madzi ndili chiimire, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndayesetsa.

Nditabwerera pa kabwalo, njinga zambiri zinali zitatengedwa. Yanga inali chigonere pomwe inagwera. Amuna anga anali pomwepo, mapazi awo atagunda pafupi ndi tayala, dzuwa likuwawotcha pamutu, manja ali kumbuyobe. Anali ataima choncho nthawi yonse imene ine ndinkathamanga.

"Sininaigwile," anatero.

"Naona."

Analoza mkono wa pedulo ndi chibwano. "Uja mudala anaboola pa chisulo changa."

"Anakamba ati ndiye pamene palimba."

Anayang'ana miyendo yanga kuyambira m'mawondo kutsika, ndipo maso awo anaima pa sokosi ya kumanzere, imene inali itafiira ndi magazi. Apa m'pamene anatulutsa dzanja limodzi kumbuyo kuja. Munali fayilo yopalira zitsulo, ya chigwiriro chamtengo, imene sankabwereketsa munthu aliyense ngakhale ku galaji. Anali ataigwira kuyambira m'mawa.

"Mwadula mokhota," anatero. "Palani mweka."

Ndinailandira. Ndinagwada pa udzu pomwepo, mawondo akundilola bwinobwino, n'kuyamba kupala nsonga ija. Iwo anasuntha pang'ono kuti mthunzi wawo undiphimbe, anabweza manja kumbuyo, n'kumandiuza ndi pakamwa pamene patsala minga. Njingayo sanaigwirenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo ine sindinapepese. Fayilo ija sanaifunsenso.